MMENE MADOKOTALA AMAYEZERA AUTISM MWA ANA

Mau Oyamba

Nonse mumaidziwa sikelo ya ana. Mayi amabereka mwana kupita naye kusikelo. Alangizi a zaumoyo amamukoloweka mwanayo pasikelo, nawerenga nambala, nailemba m'buku. Nambalayo imatiuza ngati mwana akukula bwino kapena ayi.

Koma alipo mavuto ena amene sikelo singawaone. Mwana akhoza kukhala wonenepa bwino, wamphamvu, wosadwaladwala. Koma mukamuitana satembenuka. Anzake akamasewera, iye ali payekha. Zaka zitatu zakwana, mau sakutuluka. Kodi vuto lotere tingaliyeze ndi chiyani? Tingadziwe bwanji ngati ndi lalikulu kapena laling'ono?

M'phunziro lino muwerenga za vuto lotchedwa autism. Muona mmene madokotala amayezera kukula kwake. Muonanso kuti pa kuyezako, maso anu ndi mau anu, inu makolo, ndi ofunika kwambiri. Werengani pang'onopang'ono. Mukatopa pumulani, mawa mupitirize.

1. Kodi Autism N'chiyani?

Autism ndi liu lachingerezi. Timalitchula kuti "otizimu". Mwana wa autism ali ndi ubongo umene umakula ndi kugwira ntchito mosiyana ndi wa ana ena. Kusiyanaku kumaonekera pa zinthu ziwiri zikuluzikulu.

Choyamba, mwana amavutika kucheza ndi kumvana ndi anthu. Chachiwiri, amachita chinthu chimodzimodzi mobwerezabwereza, ndipo safuna kuti zinthu zisinthe.

Mmodzi mwa madokotala oyamba kulemba za vutoli anali Leo Kanner. Iye ankagwira ntchito pachipatala cha Johns Hopkins mumzinda wa Baltimore ku America. Mu 1943 analemba za ana 11 amene anawaona kumeneko. Kuchokera nthawi imeneyo, ana otere apezeka m'maiko onse ndi m'mitundu yonse ya anthu. Mu 2023 bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO linanena kuti mwa ana 100 alionse, pafupifupi mwana mmodzi ali ndi autism. Ndiye kuti m'mudzi wa ana 300 mukhoza kupezeka ana ngati atatu. Anyamata opezeka ndi vutoli ndi ochuluka kuposa atsikana.

2. Kodi Chimayambitsa N'chiyani?

Mwina munamvapo anthu akunong'onezana kuti, "Mwana uja anam'lodza." Ena amati bambo wake anam'khwimira kuti alemere. Enanso amaloza chala mayi. Mau otere athetsa maukwati ndipo adanitsa abale. Koma si oona.

Akatswiri apeza kuti mbali yaikulu ya autism ndi yakumtundu, ndiye kuti mwana amabadwa nayo m'thupi mwake. Mwana wobadwa masiku asanakwane, kapena wobadwa wochepa thupi kwambiri, amapezeka nayo kawirikawiri kusiyana ndi ana ena.

Autism siibwera chifukwa cha ufiti. Siibwera chifukwa cha tsempho. Siibwera chifukwa cha kaleredwe koipa. Si matenda opatsirana. Katemera sayambitsa autism. Akatswiri afufuza ana ambirimbiri m'maiko osiyanasiyana, ndipo apeza kuti katemera alibe mlandu. Choncho pitirizani kubayitsa ana anu katemera.

3. Zizindikiro

Kawirikawiri zizindikiro zimayamba kuoneka mwana asanakwane zaka zitatu. Zina mwa izo ndi izi:

Mukamuitana dzina satembenuka, koma pepala la switi likaphokosera amamva ali patali.

Saloza ndi chala kuti nanunso muone ndege kapena galimoto.

Satsanzira anthu. Saomba m'manja inu mukaomba. Sabayibitsa alendo.

Sachita masanje. Satenga chitsononkho n'kuchibereka ngati mwana.

Amachedwa kulankhula. Ena amangobwereza mau anu. Mukati, "Ukufuna phala?" iyenso amati, "Ukufuna phala?" Ena amayamba kulankhula mau angapo, kenaka n'kusiya.

Amandandalika zitsekerero za mabotolo pamzere. Wina akasuntha chimodzi, amalira kwambiri.

Amakupiza manja, amazungulirazungulira, kapena amayenda monyang'ama.

Amatseka makutu akamva chigayo kapena mvula padenga la malata.

Amafuna chakudya cha mtundu umodzi basi, monga nsima yopanda ndiwo.

Musathamangire kuweruza. Chizindikiro chimodzi chokha si autism. Ana ambiri amachedwa kulankhula koma alibe vutoli. Wonena kuti mwana ali ndi autism ndi dokotala kapena katswiri amene anaphunzira ntchitoyi.

4. Chifukwa Chiyani Amayeza Kukula kwa Vutoli?

Ana a autism safanana. Wina amalankhula bwino, amakhoza masamu m'kalasi, koma alibe mnzake ndi mmodzi yemwe. Wina ali ndi zaka 8 koma sanatulutsepo liu, ndipo sangadye kapena kuvala yekha. Onsewa ali ndi autism, koma chithandizo chimene akufuna si chimodzi.

Mlimi asanathire feteleza amayamba waona munda wake. Dokotala nayenso amayamba wayeza. Amayeza pa zifukwa zitatu.

Choyamba, kuti adziwe kuchuluka kwa chithandizo chimene mwana akufuna.

Chachiwiri, kuti adziwe poyambira. Kodi tiyambe ndi kulankhula, kudya, kapena kugona?

Chachitatu, kuti m'tsogolo adzathe kuona ngati mwana akupita patsogolo.

Autism sayeza ndi magazi monga amachitira ndi malungo. Siioneka pa ekisire. Njira yake ndi kumuyang'anitsitsa mwana ndi kufunsa anthu amene amakhala naye.

5. Muyeso wa Mbali 15

Ilipo miyeso ingapo. Umodzi wodziwika kwambiri umatchedwa CARS. Dzinali ndi chidule cha mau achingerezi akuti Childhood Autism Rating Scale, kutanthauza muyeso wa autism mwa ana. Anaukonza ndi Eric Schopler ndi Robert Reichler pamodzi ndi anzawo ku North Carolina, ku America. Unasindikizidwa mu 1980. Mu 2010 anatulutsa wina wokonzedwanso, umene uli ndi pepala la mafunso ofunsa makolo. Muyesowu ndi wa ana a zaka 2 kupita m'tsogolo.

Si chipatala chilichonse chimene chili ndi pepala la CARS. Koma mukadziwa zimene lili nazo, mudziwa zimene dokotala amafuna kumva. Woyeza amayang'ana mbali 15 za moyo wa mwana.

1. Kucheza ndi anthu. Kodi amakondwa kukhala ndi anthu, kapena amachita ngati palibe munthu?
2. Kutsanzira. Kodi amatengera mau ndi zochita za ena?
3. Kuonetsa za mumtima. Kodi kuseka ndi kulira kwake kumagwirizana ndi zimene zachitika?
4. Kayendetsedwe ka thupi. Kodi amakupiza manja, kudzigwedeza, kapena kudzimenya?
5. Kusewera ndi zinthu. Galimoto ya mawaya amaiyendetsa, kapena amangozunguza tayala lake?
6. Kulandira kusintha. Amatani mukadzera njira ina popita kumsika?
7. Kayang'anidwe. Kodi amayang'ana anthu, kapena amangoyang'anitsitsa kuwala kapena zala zake?
8. Kamvedwe. Amatani mukamuitana? Nanga akamva phokoso?
9. Kulawa, kununkhiza ndi kukhudza. Kodi amanyambita kapena kununkhiza zinthu zosadya? Akavulala amaonetsa kuti akumva kuwawa?
10. Mantha. Kodi amaopa zinthu zosaopsa, n'kusaopa moto kapena msewu?
11. Kulankhula ndi mau.
12. Kulankhula popanda mau, monga kuloza, kugwedeza mutu ndi kuonetsa pankhope.
13. Kutakataka. Kodi sakhazikika konse, kapena amangokhala phee tsiku lonse?
14. Kaganizidwe. Kodi nzeru zake zikukula mofanana pa zonse, kapena amakhoza kwambiri chinthu chimodzi n'kumalephera zina?
15. Maganizo a woyezayo ataona zonse pamodzi.

6. Kaperekedwe ka Malikisi

Pa mbali iliyonse woyeza amapereka malikisi kuyambira 1 mpaka 4. Koma chenjerani. Malikisi awa si ofanana ndi a kusukulu. Kusukulu malikisi ambiri ndiye kukhoza. Kuno malikisi ambiri atanthauza kuti vuto ndi lalikulu.

1 atanthauza kuti mwana akuchita monga ana anzake a msinkhu wake.
2 atanthauza kuti akusiyana nawo pang'ono.
3 atanthauza kuti akusiyana nawo ndithu.
4 atanthauza kuti akusiyana nawo kwambiri.

Woyeza akaona kuti mwana ali pakati, akhoza kupereka theka, monga 2 ndi theka.

Asanalembe nambala, woyeza amadzifunsa mafunso anayi. Kodi khalidweli ndi lachilendo motani kwa mwana wa msinkhu uwu? Limachitika kangati? Limabwera mwamphamvu bwanji? Limatenga nthawi yaitali bwanji?

Tiyeni tione chitsanzo pa mbali 6, ya kulandira kusintha. Tiyerekeze kuti ana anayi a zaka 4 ali ndi kapu yawoyawo yomwera tiyi. Lero kapuyo yasowa, ndipo mwawapatsa ina.

Mwana woyamba afunsa kuti, "Kapu yanga ili kuti?" Kenaka amwa tiyi wake. Ameneyu akhoza kupata 1.

Wachiwiri anyinyirika ndi kufunafuna kapu yake. Mukam'nyengerera, amwa. Ameneyu akhoza kupata 2.

Wachitatu alira kwambiri ndi kukankha kapu yatsopanoyo. Kumutonthoza n'kovuta. Ameneyu akhoza kupata 3.

Wachinayi adzigwetsa pansi ndi kumenyetsa mutu. Mpaka masana sanatonthole. Ndipo amachita chimodzimodzi chilichonse chikasintha m'nyumba. Ameneyu akhoza kupata 4.

Mwaona? Chinthu ndi chimodzi, kusowa kwa kapu. Chosiyana ndi mphamvu ya kulirako, kutalika kwake, ndi kuchuluka kwa masiku amene zimachitika.

7. Tiyeni Tiwonkhetse

Akatha mbali zonse 15, woyeza amawonkhetsa malikisi. Nambala yochepetsetsa ndi 15, chifukwa 15 kuchulukitsa ndi 1 ndi 15. Yochulukitsitsa ndi 60, chifukwa 15 kuchulukitsa ndi 4 ndi 60. Kwa ana osakwana zaka 13, nambalazi zimawerengedwa motere:

Kuchepera 30: zizindikiro za autism palibe kapena n'zochepa zedi.
30 mpaka 36 ndi theka: zizindikiro n'zocheperako kapena zapakati.
37 mpaka 60: zizindikiro n'zazikulu.

Nachi chitsanzo. Mwana wina wapata 3 pa mbali zisanu. Amenewo ndi malikisi 15. Wapata 2 pa mbali 9. Amenewo ndi 18. Wapata 1 pa mbali imodzi yotsala. Tiwonkhetse: 15 + 18 + 1 = 34. Mwana ameneyu ali m'gulu lapakati lija.

Koma musatenge pensulo n'kuyamba kupatsa malikisi mwana wanu kapena wa mnansi wanu. Ntchito imeneyi ili ndi eni ake amene anaiphunzira. Ndiponso dokotala sadalira nambala yokha. Amaiphatikiza ndi mbiri ya mwana kuyambira ali m'mimba, ndi zimene waona ndi maso ake.

8. Milingo Itatu ya Chithandizo

Ilipo njira ina yofotokozera kukula kwa vutoli. Mu 2013 bungwe la madokotala a matenda a maganizo ku America linatulutsa buku lotchedwa DSM-5. Bukuli linagawa autism m'milingo itatu. Chofunika kuona ndi ichi: milingoyi ikunena za chithandizo chimene munthu akufuna.

Mlingo 1: afunika chithandizo. Mwana amalankhula, koma kucheza kumamuvuta. Amalephera kupeza anzake. Kusiya ntchito ina kuyamba ina kumamuvuta.

Mlingo 2: afunika chithandizo chambiri. Amalankhula mau ochepa, kapena amangokamba za chinthu chimodzi chimene amakonda. Ngakhale mlendo amaona msanga kuti pali vuto. Kusintha kumamusautsa.

Mlingo 3: afunika chithandizo chochuluka kwambiri. Mau omveka ndi ochepa zedi kapena palibe. Sayamba yekha kucheza ndi munthu. Kusintha kumam'zunza kwambiri. Amafuna munthu womuyang'anira nthawi zonse.

Dokotala amapereka mlingo pawiri. Wina ndi wa kucheza ndi kumvana ndi anthu. Wina ndi wa kubwerezabwereza ndi kukana kusintha. Choncho mwana mmodzi akhoza kukhala pa mlingo 2 pa kucheza, koma pa mlingo 1 pa kubwerezabwereza.

9. Zimene Nambala Siinena

Makolo ena akamva nambala yaikulu amataya mtima. Amati, "Basi, mwana uyu watha." Musatero. Pali zinthu zambiri zimene nambala siinena.

Nambala siinena mtengo wa mwana. Mwana wa malikisi 45 ndi munthu, monganso wa malikisi 15. Amamva njala, amamva chikondi, amamvanso chipongwe. Musamutche chitsiru kapena wozerezeka.

Nambala siinena za mawa. Imanena mmene mwana alili pa nthawi imene wayezedwa. Ana ambiri akaphunzitsidwa moleza mtima amaphunzira zinthu zatsopano, ndipo kwa ena nambala imatsika. Kwa ena mavuto amakula akayamba sukulu kapena akamatha msinkhu. N'chifukwa chake ndi bwino kuyezetsanso pakapita nthawi.

Nambala siiyeza nzeru. Ana ena a autism amachedwa kuphunzira. Ena ali ndi nzeru monga anzawo, ndipo ena amaposa anzawo pa zinthu zina.

Ana awiri akhoza kupata 34 onse, koma osafanana. Wina vuto lake lalikulu ndi kulankhula. Wina ndi phokoso ndi chakudya. Choncho musangofunsa kuti, "Wapata zingati?" Funsaninso kuti, "Ndi mbali ziti zimene zikumuvuta kwambiri? Nanga akuchita bwino pati?"

Nambala ikhozanso kusokonezeka. Mwana wanjala, watulo, kapena woopa jakisoni sachita monga amachitira kunyumba. Mwana wosamva satembenuka pomuitana, koma vuto lake ndi makutu. N'chifukwa chake makutu ayenera kuyezedwa. Mwana amene anadwalapo malungo aakulu okomoka nawo akhoza kusintha khalidwe kapena kuchedwa kulankhula. Muuzeni dokotala za matenda onse amene mwana anadwalapo. Dziwaninso kuti matenda a khunyu amapezeka kawirikawiri mwa ana a autism. Khunyu lili ndi mankhwala kuchipatala.

Chinanso ndi mwambo. Muyeso wa CARS unakonzedwa ku America. Kwathu kuno mwana waulemu sayang'anitsitsa munthu wamkulu m'maso. Akhoza kuweramitsa mutu pamaso pa dokotala chifukwa cha ulemu kapena manyazi. Inu ndi amene mungafotokoze ngati kunyumba amakuyang'anani poyamwa, podya ndi posewera. Ana athu ambiri sadziwanso zidole za m'sitolo zimene zimapezeka m'miyeso ya kunja. Poona zimenezi, akatswiri anakonza muyeso wa kakulidwe ka ana a ku Malawi wotchedwa MDAT, umene unasindikizidwa mu 2010. Umenewu umayang'ana kuyenda, kugwira zinthu ndi manja, kulankhula ndi kucheza. Suyeza autism, koma umathandiza kupeza mwana amene akuchedwa kukula.

10. Ntchito Yanu Makolo

Dokotala amamuona mwana kwa nthawi yochepa. Inu mumakhala naye usana ndi usiku. Muyeso umakhala woona ngati zimene mwanena zili zoona. Paja akuluakulu anati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Pezani kope laling'ono ndi pensulo. Kwa masabata awiri, lembani zimene mukuona. Musalembe kuti, "Mwanayu ndi wovuta." Mau amenewa sathandiza dokotala. Lembani chimene chachitika, kangati, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Onani chitsanzo ichi:

Lolemba. Ndinamuitana dzina kasanu. Anatembenuka kamodzi.
Lachiwiri. Tinapita kuchigayo. Anatseka makutu ndi kulira mpaka tinabwerera.
Lachitatu. Anafuna madzi. Anandigwira dzanja n'kundikokera pa mtsuko. Sanaloze.
Lachinayi. Anadzuka pakati pa usiku. Sanagonenso mpaka tambala woyamba.
Lachisanu. Mlongo wake anaimba nyimbo. Anamwetulira ndi kuomba m'manja.

Mwaona kuti tsiku Lachisanu talemba chinthu chabwino. Zabwino nazo zilembedwe. Mphunzitsi ndi dokotala amayambira pa zimene mwana amakonda ndi kukhoza.

Funsaninso agogo, azakhali ndi ana anzake. Iwo amaona zina zimene inu simuona. Ngati pakhomo pali foni yojambula, jambulani mwana akusewera kapena akuchita zachilendozo. Mukamuonetse dokotala.

11. Kuchipatala

Yambani ndi alangizi a zaumoyo kusikelo, kapena chipatala chaching'ono cha kwanuko. Iwo akhoza kukutumizani kuchipatala cha boma lanu. Ngati kuli kofunika, adzakutumizani kuchipatala chachikulu, monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba Central kapena Mzuzu Central. Tengani buku la chipatala la mwana ndi kope lanu lija. Ngati n'kotheka pitani nonse, bambo ndi mayi. Mwana adye musanalowe. Mumutengere kanthu kamene amakonda kugwira.

Werengani kukambirana uku. Mmodzi akhale dokotala, wina mayi, wina bambo.

Dokotala: Mayi, kodi mwanayu mukamuitana amatembenuka?
Mayi: Nthawi zina, adokotala. Ndinalemba m'kope umu. Lolemba ndinamuitana kasanu, anatembenuka kamodzi.
Dokotala: Mwachita bwino kulemba. Nanga inu bambo, akafuna chinthu amatani?
Bambo: Amangondikoka dzanja. Kuloza saloza ayi.
Dokotala: Kodi anayamba wakomokapo kapena kugwa?
Mayi: Ndinali ndi manyazi kunena. Anagwapo kawiri chaka chino.
Dokotala: Musachite manyazi, mayi. Zimenezo ndiye zofunika kuti ndidziwe.
Bambo: Pepani adokotala, tifunse nafe. Kodi kunyumba tiyambe ndi chiyani? Ndipo tibwerenso liti?

Onani mmene makolowa achitira. Anena zoona ndipo afunsa mafunso. Makolo ena amachepetsa vuto chifukwa cha manyazi. Akatero mwana amapata malikisi ochepa, ndipo salandira chithandizo chomuyenera. Ena amakulitsa vuto poganiza kuti alandira zambiri. Akatero mwana amaonedwa ngati sangathe kanthu, pamene akanatha. Njira yabwino ndi imodzi: nenani zimene mwaona, osachotsa, osawonjezera.

12. Mutatha Kuyezetsa

Palibe mankhwala ochotsa autism, kaya a kuchipatala kaya a zitsamba. Munthu akakuuzani kuti mugulitse mbuzi kapena njinga kuti achize mwana wanu, kanani. Mankhwala a kuchipatala amathandiza mavuto ena obwera pamodzi ndi autism, monga khunyu. Chithandizo chachikulu ndi kuphunzitsa, ndipo kuyamba msanga n'kwabwino. Nazi zina zimene mungachite kunyumba.

Khalani pansi kuti nkhope yanu ifanane ndi yake. Lankhulani mau ochepa ndi omveka: "Madzi." "Imwa." Dikirani kuti ayankhe.

Sewerani naye pa zimene iye amakonda. Ngati amakonda zitsekerero, werengani naye zitsekererozo.

Ntchito yaikulu iduleni m'tizigawo. Posamba m'manja, lero aphunzire kunyowetsa manja. Akadziwa, aphunzire kupaka sopo.

Kudya, kusamba ndi kugona zizichitika pa nthawi yake tsiku lililonse. Kukakhala kusintha, muuzeni zisanachitike.

Akachita bwino muyamikireni pomwepo. Musam'menye. Kumenya kumawonjezera mantha.

Samalani moto, chitsime, mtsinje ndi msewu. Ana ena a autism amachoka pakhomo mwakachetechete. Auzeni anansi kuti akamuona ali yekha am'bweze. Musam'mange ndi chingwe. Musam'tsekere m'nyumba.

Mwana wa autism ali ndi ufulu wophunzira. Kaonaneni ndi aphunzitsi aakulu a sukulu ya kwanuko, ndipo muwafotokozere zimene dokotala wapeza. Funsani ngati m'dera lanu muli mphunzitsi wa ana ofuna chithandizo chapadera. Aphunzitsi otere amaphunzitsidwa ku koleji ya Montfort ku Nguludi, m'boma la Chiradzulu.

Kulera mwana wa mlingo 3 n'kotopetsa. Mutu umodzi susenza denga. Bambo, musasiyire mayi yekha. Abale ndi anansi, mulandireni mayiyo kuti nayenso apume, apite kumunda ndi kumsika.

Kumbukirani

Autism si ufiti, si tsempho, ndipo si mlandu wa mayi kapena bambo.

Autism imayezedwa poyang'anitsitsa mwana ndi pofunsa makolo.

Muyeso wa CARS uli ndi mbali 15. Malikisi ake amayambira 15 mpaka 60.

Milingo itatu imanena kuchuluka kwa chithandizo chimene mwana akufuna tsopano.

Woyeza ndi katswiri. Ntchito ya makolo ndi kuona, kulemba ndi kunena zoona.

Mafunso

1. Tchulani zinthu ziwiri zikuluzikulu zimene zimaonetsa autism.
2. Tchulani zifukwa zitatu zoyezera kukula kwa vutoli.
3. Kodi malikisi a CARS akusiyana bwanji ndi malikisi a kusukulu?
4. Mwana wa zaka 5 wapata 2 pa mbali 10, wapata 4 pa mbali zitatu, ndipo wapata 3 pa mbali ziwiri. Wonkhetsani malikisi ake. Kodi ali m'gulu liti?
5. N'chifukwa chiyani makutu a mwana ayenera kuyezedwa?
6. Chimachitika n'chiyani makolo akabisa zina kwa dokotala?

Zokambirana

Khalani m'magulu a anthu anayi kapena asanu. Kambiranani popanda kutchula dzina la munthu kapena banja.

Kodi anthu a m'mudzi mwanu amati chiyani akaona mwana wosalankhula? Kodi mau amenewo amathandiza banja kapena amalipweteka?

Mnansi wanu ali ndi mwana wa zaka zitatu amene satembenuka pomuitana. Iye akuopa kupita naye kuchipatala. Mungamuuze mau otani, mwaulemu?

Zoti Muchite

Sabata ino sankhani mwana mmodzi wa pakhomo panu, aliyense. Muyang'aneni akusewera. Lembani ziganizo zitatu: chimene wachita, kangati, ndi kwa nthawi yaitali bwanji. Mubwere nazo tsiku lokumananso kuti mudzawerengere anzanu.